Mkangano wa EU ndi Russia wafika bwanji m'munda mwanga mwa kachewere?

Mayi a Tadala, Bembeke

Muli bwanji nonse abale anga? Ine ndine mayi wa ana anayi, ndimalima kachewere kuno ku Bembeke, maekala awiri a mvula ndi dimba la theka la ekala kumunsi m'mbali mwa mtsinje. Chiyambire 2019 ndimalemba kwacha iliyonse imene ndalowetsa m'munda. Kope lake ndi la masamu limene mwana wanga woyamba anasiya ali Sitandade 8. Chikuto chinafiira ndi dothi, tsamba lina linanyowa ndi mvula, koma manambala onse akuwerengeka.

Dzulo usiku ndinalitsegula kuti ndione ngati ndingakwanitse kudzala dimba chaka chino, ndipo tulo sindinatione. Mu 2020 thumba la Urea la makilogalamu 50 ndinagula pa K20,000 ndi kakusintha pang'ono. Kumapeto kwa 2021 linali pafupi K40,000. Mu 2022 ndinapereka zoposa K60,000, ndipo kumapeto kwa 2024 ndinawerengera wogulitsa ndalama zopitirira K100,000 pa thumba limodzi, manja akunjenjemera. Matumba awiri a makuponi a boma aja, ukakhala ndi mwayi dzina n'kutuluka, amathera ku chimanga cha pakhomo. Kachewere ndiye amadya feteleza wa m'sitolo, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, kuwonjezera apo mankhwala a chiwawu chifukwa kuno nkhungu siichoka. Dimba limafunanso petulo wa pampu. Kale chigubu cha malita asanu ndinkangotuma mwana osaganiza kawiri, lero ndimayamba ndawerenga mizere ya kuthirira.

Mavenda akabwera ndi lole amatchula mtengo wawo, iwe n'kumawauza za feteleza, iwo amvekere nafenso dizilo watikwerera. Ndiye aliyense akulira, koma amene wayambitsa sakuoneka.

Mwana wanga amene ali ku koleji ku Lilongwe atabwera pa holide ndinamuonetsa kopeli. Anangoti, "Amayi, imeneyi ndi nkhani ya EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, ndi Russia. Azungu a ku Ulaya anasiya kugula gasi wa Russia." Ndinamufunsa kuti gasiyo akukhudzana bwanji ndi feteleza, popeza gasi amene ndimamudziwa ine ndi wophikira uja ali m'mabotolo a chitsulo pa boma. Anayamba kufotokoza, foni inalira, basi nkhani inathera pomwepo.

Ndiye ndabwera kwa inu. Sindikufunsa za nkhondo, za amene akulakwa kapena kukhoza kumeneko. Ndikufuna ndimvetse malonda akewo. Mayiko a ku Ulaya ankagula chiyani kwa Russia, anasiyiranji, ndipo zinayenda njira iti kuti zifike pa thumba langa? Chinanso, ndinamva pa wailesi kuti pofika 2027 EU isiyiratu gasi wa Russia. Zikatero feteleza atsika kapena akwereratu? Funso ili si la chidwi chabe ayi. Mbewu ya kachewere ndasunga m'nyumba yayamba kale kutulutsa maso, ndipo ndiyenera kusankha msanga ngati ndiidzale m'dimba kapena ndiigulitse n'kuikamo nyemba. Fizi ya ana awiri imachokera m'dimba momwemo.

Aphunzitsi opuma, Ntcheu boma

Zikomo mayi a Tadala. Mwana wanu sananame, kungoti anadula njira. Ndinaphunzitsa jogalafe ku sekondale zaka zambiri, ndipo nkhani iyi ndakhala ndikuitsatira chiyambire. Ndiyambe ndi thumba lanu lomwelo.

Urea sakumbidwa pansi ngati laimu. Amaphikidwa ku fakitale. Chakudya chimene chimabiriwiritsa masamba a kachewere wanu, nayitrojeni, chadzaza mu mpweya umene tikupumawu, koma mbewu singachimwe chili choncho. Kuti achigwire amachiphatikiza ndi haidirojeni pa moto waukulu zedi, n'kutuluka amoniya, ndipo amoniyayo ndiye amasanduka Urea kapena CAN. Haidirojeniyo amamuchotsa mu gasi wa pansi pa nthaka, ndipo moto wophikirawo ndi gasi yemweyo. Kunena kwa kwathu kuno, gasi ndiye ufa wake, gasi yemweyo ndiye nkhuni zake. Ndalama zambiri zopangira thumba la Urea zimathera pamenepo. Gasi akakwera, feteleza sachedwa.

Tsono malonda a Ulaya ndi Russia ndi akalekale. Austria inayamba kulandira gasi wa Soviet Union, dziko limene Russia inali mbali yake yaikulu, mu 1968. Mu 1970 West Germany inapangana ndi Soviet Union kuti iwo apereke mapaipi akuluakulu a chitsulo, enawo abweze ndi gasi. Mbali ziwirizi zinkalozerana mizinga, koma gasi sanasiye kuyenda. Mu 2011 anatsegula Nord Stream, paipi yoposa makilomita 1,200 yodutsa pansi pa nyanja ya Baltic, kuchoka ku Russia kukatulukira ku Germany. Pofika 2021, pa gasi yense amene mayiko 27 a EU ankagula kunja, pafupifupi magawo 45 pa 100 aliwonse ankachokera ku Russia. Mafuta osayenga, pafupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Malasha a miyala, pafupi theka. Ulaya ankadziwa kuti Russia singakhale popanda ndalama zake, nayo Russia inkadziwa kuti Ulaya sangadutse nyengo yozizira popanda gasi wake. Aliyense ankakhulupirira kuti mnzake sangachoke.

Pa 24 Febuluwale 2022 asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine. EU inayamba kutseka zitseko chimodzichimodzi: malasha mu Ogasiti, mafuta osayenga obwera pa sitima pa 5 Disembala, dizilo ndi mafuta ena oyenga pa 5 Febuluwale 2023. Koma apa mvetsetsani, chifukwa ambiri amasokoneza. Gasi EU sinamuletse nthawi imeneyo, inalibe kolowera. Amene anayamba kutseka mpopi ndi Russia kudzera ku kampani yake ya Gazprom. Anati ogula azilipira mu ndalama ya ku Russia ya ruble. Poland ndi Bulgaria atakana anawadulira pa 27 Epulo. Mu Juni anachepetsa gasi wa mu Nord Stream, kumapeto kwa Ogasiti anatsekeratu, ndipo pa 26 Seputembala mapaipi aja anaphulitsidwa pansi pa nyanja.

Mu Ogasiti 2022, pa msika waukulu wa gasi wa ku Netherlands, muyezo umene zaka za m'mbuyo unkagulidwa pafupi mayuro 20 unapitirira mayuro 300. Mafakitale ambiri a feteleza ku Ulaya anachepetsa ntchito, ena kuzimitsiratu, kuphatikizapo ena a kampani yaikulu ya Yara. Alimi a ku France ndi ku Poland sanasiye kulima. Ulaya anatuluka ndi chikwama kukagula feteleza ku Egypt, ku Algeria ndi ku mayiko a Aluya, m'masitolo momwe amagulamo amene amatibweretsera ife kuno. Mukudziwa zimene zimachitika pa msika wa Tsangano akafika wa lole yaikulu ndi ndalama m'manja: wa chiwaya amene amafuna ndowa imodzi amagula pa mtengo wa wa lole uja.

Kope lanu likunena zoona pa chinthu china. Mtengo unayamba kukwera mu 2021 nkhondo isanayambe. Gasi anali atayamba kale kudula mafakitale atatsegulidwanso pambuyo pa Covid, ndipo chakumapeto kwa chaka chimenecho China inachepetsa feteleza wotuluka m'dziko mwake. Nkhondo inapeza moto utayaka kale.

Chomaliza. Russia ndiye dziko limene limagulitsa kunja feteleza wa nayitrojeni wochuluka kuposa lina lililonse. EU sinaletse fetelezayo kupita ku mayiko ena, koma eni sitima, a inshulansi ndi mabanki ankaopa kukhudza katundu wa ku Russia, ndipo wina anangokhala m'madoko a ku Ulaya. Mukukumbuka matani 20,000 amene kampani ya ku Russia ya Uralchem inapereka ku Malawi? Anali atatsekeredwa ku Netherlands. Bungwe la WFP linawanyamula kudzera ku Beira, ndipo mwambo wowalandira unachitika mu Marichi 2023, chimanga cha anthu ambiri chitamasula kale ngaiyaye. Amenewo ndi matumba 400,000. Zinandipweteka mtima kuona feteleza akufika nthawi yothira itadutsa, chifukwa cha mkangano umene mlimi wa kwa Njolomole sakuudziwa n'komwe.

Dalaivala wa thanki, Dedza boda

Ulemu wanu aphunzitsi, mwafotokoza bwino ndipo sindikutsutsa chilichonse. Koma amayi asachoke pano akuganiza kuti zonse ndi EU ndi Russia. Ine ndimanyamula mafuta kuchoka ku Beira, ndiye ndinene zimene ndaona ndi maso.

Mtengo wa Urea pa msika wa dziko lonse unafika pamwamba penipeni chakumayambiriro kwa 2022. Pofika pakati pa 2023 unali utatsika kupitirira theka. Amayi, onani m'kope lanulo ngati thumba lanu linatsika ndi theka. Silinatsike, linapitiriza ulendo. Chifukwa chake chili kwathu konkuno. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100. Mu Novembala 2023 anaichepetsanso ndi magawo 44, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Feteleza ndi mafuta zonse timagula ndi madola. Kunja zikatsika, kwacha yathu n'kugwa, inu kuno simumva kalikonse. Chaka chomwecho cha 2022, mu Januwale, namondwe Ana anagumula ku Kapichira, magetsi n'kuchepa, majenereta n'kuyamba kumwa dizilo usana ndi usiku. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndakhalapo ku Beira masabata atatu ndikudikira kupakira. Ndinkagona m'galimoto momwemo, kutentha kwa ku nyanja, udzudzu, kuphika nsima pa mbaula pansi pa thanki, ndalama ya panjira n'kutha. Mafuta analipo. Matanki akuluakulu a pa doko ndinkawaona tsiku ndi tsiku, anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Zambia akupakira n'kumapita. Ife tinkauzidwa kuti madola sanalowe. Mwini mafuta satsegula mpopi asanaone ndalama. Tsiku limene tinapakira tinayenda ulendo wonse, Chimoio, Catandica, Changara, Tete, kukwera mapiri a Angonia mpaka pa Calomue, ndipo titangowoloka boda ndinapeza mzere wa galimoto ndi njinga zamoto pa boma pano, anthu atagona pa filing'i siteshoni ndi zigubu. Mnyamata wina wa kabaza anandithamangira kufunsa ngati ndikutsitsa pompano. Ndinalibe mawu, katunduyo anali wa ku Lilongwe.

Pamene ndikugwirizana ndi aphunzitsi ndi apa. EU itasiya dizilo wa Russia inakagula kwa Aluya, ku India ndi ku America, ndipo Aluya ndi India ndiwo amadzaza matanki a ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Wogula wamkulu anabwera pa chitsime chathu. Petulo kuno anali pa K1,150 kumayambiriro kwa 2022, mu Juni n'kufika pa K1,999, mu Novembala 2023 pa K2,530, ndipo kuchoka apo wakweranso.

Mafuta a Russia nawo sanasiye kuyenda. EU ndi anzake, mayiko olemera a G7, anaika malire a mtengo wa mafutawo pa madola 60 pa mbiya imodzi, Russia n'kutembenukira ku India ndi China motsitsa mtengo. India, imene kale inkagula pang'ono zedi, inafika potenga pafupi gawo limodzi mwa atatu a mafuta ake ku Russia, n'kumawayenga ku Jamnagar ndi kwina, dizilo wake wina n'kukatsitsidwa ku Ulaya komweko. Mu Julayi 2025 ndi pamene EU inagwirizana zotseka khomo limenelo. Amene ali ndi ndalama ndi fakitale yoyengera anapindula ndi mkanganowu. Ife tilibe zonse ziwiri.

Nachisale, Lizulu

Achemwali anga a ku Bembeke, mavuto anuwo ndi anga omwe. Ine ndimagulitsa kachewere, kabichi ndi tomato pa Lizulu pano, ndipo alimi amene amandibweretsera achepetsa minda. Kachewere wake akubwera wamng'onomng'ono chifukwa thumba limene linkathiridwa pa theka la ekala akulitambasula pa ekala yonse. A chiwaya akafika amasankha wamkulu yekha, wotsalayo ndimagulitsa motaya.

Koma ine chimandiwawa ndi china. Pano ukangodumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique. Apongozi anga ali ku Ulongwe, maliro ndi maukwati timayendera limodzi, ndipo wailesi ya ku Tete ya Chinyanja timaimva bwinobwino. Dziko limeneli lili ndi gasi wambiri. Mu Novembala 2022, chaka chomwe aphunzitsi akunenacho, sitima yoyamba ya gasi inanyamuka pa Coral Sul, fakitale yoyandama pa nyanja kufupi ndi Cabo Delgado imene ikuyendetsedwa ndi kampani ya ku Italy ya Eni, ndipo inalunjika ku Ulaya. Ntchito ina yaikulu ya TotalEnergies ya ku France inaima mu 2021 zigawenga zitalowa m'tauni ya Palma, ndipo EU inatumiza anthu ophunzitsa asilikali a Mozambique, n'kuperekanso mayuro 20 miliyoni othandizira asilikali a Rwanda amene akulondera kumeneko. Anthu a ku Cabo Delgado anafunikadi chitetezo, zimenezo sindikukana. Koma ndikuona kuti pamene pali gasi, Ulaya sachedwa kufika.

Gasi wa ku Pande ndi Temane wakhala akupita ku South Africa pa paipi chiyambire 2004. Malasha a ku Moatize amadutsa m'dziko lathu lino pa sitima, pa Nkaya ndi pa Liwonde, kupita ku Nacala. Koma apongozi anga amaphikabe ndi nkhuni, ndipo feteleza amene amathira ku Angonia anawoloka nyanja ngati wathu yemwe.

Ndiye aphunzitsi ndifunseni. Ngati Urea ndi gasi, ndipo gasi ali kwa aneba athu, bwanji SADC, umenenso ndi mgwirizano wa mayiko ngati EU, osamanga fakitale ya feteleza ku Beira kapena ku Nacala, Malawi ndi Zambia n'kulonjeza kuti tizigula? Za magetsi anatha kugwirizana, mzere uja wochoka ku Matambo ku Tete kufika pa Phombeya ku Balaka. Chikuletsa n'chiyani pa feteleza?

Mayi a Tadala, Bembeke

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, za ufa ndi nkhuni zija zandilowa. Ndawawerengera bambo a kunyumba kuno ndipo akuti zaka zonsezi ankaganiza kuti Urea ndi mchere wa m'migodi.

Achimwene a thanki, ndatsegulanso kope monga munanenera. Mukunena zoona. Mu Okutobala 2023 ndinagula matumba awiri, ndipo thumba lachitatu ndinati ndidikire ndigulitse kaye nkhumba. Nkhumba inagulidwa sabata yachiwiri ya Novembala. Nditafika ku sitolo ndinapeza mnyamata akufufuta mitengo pa bolodi ndi chinsanza chonyowa, akulemba ina. Ndalama ya nkhumba ija sinakwane thumba. Ndinabwerera ndi feteleza wa pa ndowa wopimidwa ndi mbale, ndipo pambali pa tsiku limenelo ndinalemba kuti "kwacha yagwa". Ndinali nditaiwala. Ndiye ndaona kuti mabala ndi awiri, lina lochokera kutali, lina la pakhomo.

Achemwali a ku Lizulu, za kachewere wamng'ono mwanenazo ndi ine ndemwe. Chaka chatha ndinathira moyerekeza, ndipo pokumba ndinapeza tambirimbiri tonga mazira a nkhunda. Ndinakhala pansi pa mzere n'kulira, chifukwa ntchito yopalira ndi kukwezera inali yomweyo.

Koma funso langa lachiwiri likadalipo. 2027 ikafika, ndiyembekezere chiyani? Mbewu ija sidikira.

Aphunzitsi opuma, Ntcheu boma

Achimwene a thanki mwandikonza bwino, ndipo ndikuvomera. Kuyambira 2023 kupita m'tsogolo, bala lalikulu pa thumba la mayi a Tadala ndi kwacha ndi kusowa kwa madola.

Za 2027, mayi, musaikepo mtima. Kusiyana kwenikweni kunachitika kale. Gasi wa Russia, amene anali magawo 45, pofika 2024 anali osakwana magawo 20. Norway ndiye akutsogola tsopano, America ikutumiza gasi wa pa sitima, Italy inatembenukira ku Algeria mu Epulo 2022, ndipo Germany inatsegula doko lake loyamba lolandirira gasi wa pa sitima ku Wilhelmshaven mu Disembala chaka chomwecho. Paipi yodutsa mu Ukraine inatsekedwa pa 1 Januwale 2025. Chotsala ndi chochepa, ndiye 2027 siidzagwedeza msika ngati 2022. Koma siidzatsitsanso mtengo. Gasi wa pa sitima ndi wodula kuposa wa paipi, chifukwa amayenera kuziziritsidwa mpaka asanduke madzi, kunyamulidwa, n'kubwezeretsedwanso. Ndipo sitima imapita kwa amene wapereka zambiri. Mu 2022 Pakistan ndi Bangladesh anakhala mu mdima sitima za gasi zitakhotera ku Ulaya.

Pali chimodzi chimene chingatikomere pang'ono. Kuyambira pa 1 Julayi 2025 EU inaika msonkho wapadera pa feteleza wa ku Russia ndi Belarus, mayuro 40 mpaka 45 pa tani, ndipo uzikwera chaka ndi chaka mpaka kupitirira mayuro 300 mu 2028. Feteleza ameneyo adzafuna ogula ena, Brazil, India ndi ife a mu Africa. Komabe Ulaya akasiya wa Russia adzagula wambiri wa ku Egypt ndi Algeria. Dzanja lina likupatsa, lina likulanda, ndipo ngakhale atatsika pa doko la Beira, adzafunabe madola kuti akwere lole.

Mayi Nachisale, funso lanu ndi lolemera ndipo maganizo anga ali kumbali yanu. Zotheka n'zotheka. Ku Nigeria, Aliko Dangote anatsegula mu Marichi 2022 fakitale ya Urea kufupi ndi Lagos yotha kupanga matani 3 miliyoni pa chaka ndi gasi wa dziko lomwelo. Chovuta ndi chakuti fakitale yotere imadya madola mabiliyoni, ndipo obwereketsa ndalama amafuna kuona wogula wodalirika amene wasainira zaka zambiri. Gasi yense wa pa Coral Sul anagulidwiratu ndi kampani ya BP fakitale isanamangidwe n'komwe. EU ikalankhula ndi wogulitsa imalankhula ngati msika umodzi wa anthu pafupifupi 450 miliyoni a ndalama yolimba. Ife mu SADC aliyense amapita yekha ku sitolo, ndipo wina amapita ndi ngongole. Ngakhale ku Nigeria komweko, Urea wambiri amakwera sitima kupita ku Brazil ndi ku America, kumene kuli madola. Ndikanakonda atsogoleri athu akanayamba ndi chaching'ono, kugula feteleza pamodzi Malawi, Zambia ndi Mozambique pa sitima imodzi, asanafike pa za fakitale.

Mayi a Tadala, pa dimba lanu musawerengere kutsika kwa mtengo. Werengerani mtengo wa lero, muonjezereponso pang'ono. CAN simungathawireko, naye ndi mwana wa gasi yemweyo. Nyemba zili ndi mwayi umodzi waukulu: mizu yake ili ndi timaphundu timene timagwira nayitrojeni wa mu mpweya, ntchito yomwe ija fakitale imagwira ndi gasi.

Mayi a Tadala, Bembeke

Ndamva aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Timaphundu ta pa mizu ya nyemba ndakhala ndikutiona chibadwire, ndinkayesa ndi matenda.

Takambirana ndi bambo a kuno mpaka usiku. Kachewere sindimusiya, ndi amene anamanga nyumba ya malata imene tikugonamo, ndipo nthaka ya kuno imamukonda. Koma dimba ndiligawa pakati. Kumtunda kouma msanga ndiika nyemba, kumunsi kwa chinyontho kachewere, kuti pampu isamayake tsiku lililonse. Mbewu yotsala ndigulitsa kwa anzanga a m'kalabu. Thumba limodzi la Urea limene ndingakwanitse ndilisakaniza ndi madeya, phulusa ndi ndowe za nkhumba, ndimange m'matumba a pulasitiki masiku 21 monga alangizi anatiphunzitsira za manyowa a Mbeya. Madeya nawo akwera, koma a pa chigayo cha pafupi ndimagwirizana nawo. Ndatsegula tsamba latsopano m'kope, mbali ina nyemba, mbali ina kachewere, ndipo pokolola ndidzabwera kudzakuuzani manambala ake.

Achemwali a Nachisale, tsiku la msika likudzali mundionereko mtengo wa nyemba pa Lizulu, makamaka zofiira ndi za mawangamawanga, ndi zimene ogula a ku Blantyre akufunsa kwambiri. Ndikufuna ndigule mbewu sabata ino nkhuku zisanathe m'khola.